Kodi munthu amadutsa muti kuti akhale mkulu wa apolisi a mzinda ku America?

Nambewe:

Akuluakulu, ndithandizeniko. Kukachitika zoopsa mumzinda wina wa ku America, pamaso pa atolankhani pamaima anthu awiri, meya ndi wapolisi wa nyenyezi zinayi pakolala amene amamutchula kuti chief. Sipapita nthawi mumangomva kuti amuchotsa, kapena wasamuka kukatsogolera apolisi a mzinda wina wakutali. Kodi munthu ameneyu amayambira pati, ndipo amadutsa muti kuti akafike pamenepo? Zimatenga zaka zingati? Nanga amamusankha ndani, poti zikuoneka kuti meya ndiye ali ndi mphamvu pa iye, Pulezidenti osalowererapo? Ndikufuna ndondomeko yeniyeni, osati za m'mafilimu.

Gama:

Mayi Nambewe, choyamba iwalani kaye za polisi imodzi ya dziko lonse. Ku America kuli nthambi zosungitsa malamulo pafupifupi 18,000, ndipo pafupifupi 12,000 mwa izo ndi polisi za mizinda ndi matauni, iliyonse ndi bwana wake, bajeti yake ndi malamulo ake a kakwezedwe. Pafupifupi theka la nthambi zimenezi zili ndi apolisi osakwana 10. Choncho chief wa katauni kakang'ono, amene usiku amayendetsa yekha galimoto yolondera, ndi chief wa ku Los Angeles wokhala ndi apolisi pafupifupi 9,000, amangofanana dzina basi. Tikambe za mizinda ikuluikulu. Kumenekonso dzina limasintha: ku Los Angeles ndi ku Washington ndi chief, ku New York, Boston ndi Philadelphia ndi commissioner, ku Chicago ndi ku New Orleans ndi superintendent. Sheriff musamuphatikize, iyeyo ndi wa county, dera lofanana ndi boma la kwathu kuno, ndipo amachita kuvoteredwa ndi anthu.

Makwerero ake ali pawiri. Kumunsi munthu amakwera ndi mayeso, kumtunda amachita kusankhidwa. Ine nditenga zakumunsizi.

Polowa, mizinda yambiri imafuna zaka 21, satifiketi ya sekondale, mayeso olemba, mayeso a mphamvu, kuyezedwa ndi dokotala ndi katswiri wa maganizo, kenako kufufuzidwa mbiri. Kufufuza mbiriku ndi kumene kumagwetsa ambiri. Amafunsa mabwana ako akale ndi anthu oyandikana nawo nyumba, amaona ngongole zako, milandu ya pamsewu ndi zimene unalemba pa Facebook. Ndipo kawirikawiri munthu sagwa chifukwa anasutapo chamba ali mnyamata, amagwa chifukwa anabisa pa fomu kenako n'kudzatulukira. Sukulu ya upolisi ku New York ndi ku Los Angeles ndi ya miyezi pafupifupi 6. Ukatuluka umakwera galimoto imodzi ndi wapolisi wokuphunzitsa, amene m'mizinda yambiri amalemba lipoti la iwe tsiku lililonse: wayendetsa bwanji, walankhula bwanji pa wailesi, waima pati pogogoda pakhomo pamene pali ndewu ya m'banja. Woima moyang'anizana ndi chitseko amalembedwa pomwepo, chifukwa chipolopolo chimaboola chitseko. Malo ako ndi pambali, kukhoma. Nthawi yoyesedwa ndi chaka chimodzi mpaka ziwiri, ndipo m'nthawi imeneyi kukuchotsa n'kosavuta.

Mayeso oyamba olemera ndi a usajeni. Sungawalembe usanagwire zaka zingapo, m'mizinda yambiri 3 mpaka 5. Mafunso amachokera m'buku la malamulo a ntchito, limene ku New York amalitcha Patrol Guide, ndi m'malamulo a milandu. Mayesowa amayendetsa ndi ofesi ya mzinda yoona za olembedwa ntchito m'boma, ndipo sabwera chaka chilichonse. Okhoza amaikidwa pamndandanda motsata malikisi. Ku New York mndandanda wotere sukhala kupitirira zaka 4, ndipo apa ndi pamene anthu amalirira. Tinene kuti wakhoza bwinobwino, uli nambala 900, koma mipata yatseguka 700 yokha. Mndandanda ukatha nthawi usanaitanidwe, uyenera kudikira mayeso ena n'kuyambiranso. Lamulo limalolanso bwana kusankha mmodzi mwa atatu amene ali pamwamba, ndiye wa fayilo yakuda akhoza kudumphidwa ngakhale anakhoza.

Pali msampha wina wokoma, utekitivi. Ku New York suchita kuulembera mayeso, amachita kukupatsa, ndipo lamulo limati amene wagwira ntchito yofufuza milandu kwa miyezi 18 aupatsidwe. Malipiro ndi abwino, ulemu ulipo, yunifolomu suvala. Koma tekitivi salamula munthu. Anthu anzeru ambiri amakhazikika pamenepo chifukwa kukhala sajeni kumatanthauza kuvalanso yunifolomu, kubwerera ku mashifiti a usiku, mwinanso kutumizidwa kupolisi yakutali ndi kwanu kukayang'anira apolisi 8 kapena 10. Wofuna kudzafika pamwamba amavomera zimenezo.

Pa ulefutenanti ndi ukaputeni, mizinda yambiri imawonjezera mayeso ochita kusewera ntchito yeniyeni. Amakukhazika pa desiki pali mulu wa mapepala: kalata ya khansala wodandaula za ogulitsa mankhwala ozunguza bongo pakona ina, lipoti lakuti sajeni wina akusainira ovataimu imene sinagwiridwe, pempho la mtolankhani, ndandanda ya shifiti ya usiku uno imene ikuperewera anthu 4. Nthawi amakupatsa yochepa dala. Oyesawo, amene kawirikawiri ndi mabwana a polisi ochokera kumizinda ina, akuona chimene wayamba nacho, chimene wapatsa wina ndi chimene wasunga kuti uchite wekha. Woyamba kuyankha khansala chifukwa choopa ndale, shifiti n'kukhala yoperewera, ameneyo wagwa. Sukulu nayo imafunika. Ku New York kwa zaka zambiri lamulo lakhala lakuti sajeni akhale ndi makirediti (mapointi a maphunziro omalizidwa) 64 a ku koleji, lefutenanti 96, kaputeni digiri yathunthu, n'chifukwa chake apolisi ambiri amaphunzira usiku ku John Jay College.

Chimene chimapha ntchito msanga kuposa zonse ndi bodza lolembedwa. Khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Brady mu 1963 ndi wa Giglio mu 1972, linagamula kuti oimira boma pa milandu azipereka kwa loya wa woimbidwa mlandu chilichonse chomuthandiza, kuphatikizapo chimene chingachititse kuti mboni ya boma isakhulupiridwe. Ndiye wapolisi amene anapezekapo akunama pa lipoti, ngakhale pa kanthu kakang'ono ngati kuphwanya nyali ya galimoto n'kulemba kuti anaipeza ili choncho, dzina lake limasungidwa ku ofesi ya oimira boma. Mlandu uliwonse umene angakaperekere umboni, loya amayambira pa bodza lija. Munthu wotere n'kovuta kumuikanso pa ntchito yomanga anthu, ndipo kukwera kwake kwathera pomwepo. Chonsecho pa nyali yokhayo akanangolandira kalata ya chenjezo.

Za zaka mwafunsazo, taonani Charles Ramsey. Analowa polisi ya Chicago mu 1968 ngati kadeti ali ndi zaka 18. Usajeni 1977, ulefutenanti 1984, ukaputeni 1988, wachiwiri kwa superintendent 1994. Anakhala chief mu 1998, zaka 30 chilowereni, ndipo sikunali ku Chicago koma ku Washington. Pali ena othamanga. Cathy Lanier, amene anasiya sukulu ali wamng'ono n'kubereka ali ndi zaka 15, analowa polisi ya Washington mu 1990, anaphunzira ali pa ntchito mpaka madigiri awiri a masitazi, ndipo mu 2007 analowa m'malo mwa Ramsey yemweyo. Zaka 17 zokha, koma otere ndi owerengeka.

Chisale:

A Gama alongosola bwino mpaka pa kaputeni. Kuchoka pamenepo mayeso atha. Ku New York maudindo onse a pamwamba pa kaputeni, kuyambira deputy inspector, inspector, deputy chief, assistant chief mpaka chief of department, amachita kupatsidwa ndi commissioner, ndipo iye yemweyo akhoza kukubweza pa ukaputeni mawa m'mawa. Udindo umene lamulo limakutetezera ndi ukaputeni wokha. N'chifukwa chake bwana watsopano akalowa, anthu a nyenyezi amayamba kuwerengetsera penshoni.

Mpando umene umaonetsa ngati munthu adzapita patali ndi woyang'anira polisi ya dera. Ku New York amati precinct, ndipo kwa zaka zambiri analipo 77. Los Angeles ili ndi madera 21. Pamenepo uli ndi apolisi mazana awiri kapena atatu, misonkhano ya mwezi ndi mwezi ndi anthu a m'deralo, abusa, eni mashopu ndi makhansala, aliyense ndi dandaulo lake. Ndipo kuyambira mu 1994, pamene commissioner wa New York William Bratton ndi mmodzi wa achiwiri ake, Jack Maple, anayambitsa CompStat, ndondomeko yowerengera milandu ya dera lililonse, bwana wa dera amakayankha mafunso ku likulu pamaso pa akuluakulu onse. Msonkhano umayamba m'mamawa. Iwe waima kutsogolo, pakhoma akuonetsa mapu a dera lako ali ndi timadontho, kadontho kalikonse ndi mlandu. Amatsata milandu ikuluikulu 7: kupha, kugwiririra, kulanda mwachiwawa, kuvulaza koopsa, kuthyola nyumba, kuba katundu wa mtengo wapatali ndi kuba galimoto. Amaonetsa za sabata ino, za masiku 28 apitawa ndi za chaka chino, poyerekeza ndi nthawi yomweyo chaka chatha. Sakufunsa kuti n'chifukwa chiyani umbanda wakwera. Amati: nyumba 6 zathyoledwa m'misewu itatu yoyandikana, zonse masana, zonse polowera pawindo lakumbuyo. Unadziwa liti? Unatumizako ndani, maola ati? Zidindo za zala zinatengedwa? Waona ngati pali wina wotuluka kundende posachedwa amene kabedwe kake ndi kotere? Wosadziwa madontho ake amachotsedwa pampando, ndipo m'zaka ziwiri zoyambirira mabwana a madera ambiri anasinthidwa. Wowadziwa amaonedwa ndi anthu amene amagawa nyenyezi. Garry McCarthy, amene anatsogolera misonkhano imeneyi ku New York, anakakhala mkulu wa apolisi ku Newark mu 2006 ndi ku Chicago mu 2011.

Vuto la kachitidwe kameneka ndi lodziwikiratu. Munthu akadziwa kuti kukwera kwake kuli pa manambala, amayamba kusewera ndi manambalawo. Ku New York kuba katundu woposa madola 1,000 ndi mlandu waukulu umene umalowa m'gulu la 7 lija, wochepera apo sulowa. Ndiye foni ya madola 1,100 imalembedwa kuti ndi ya 900, kapena kuti mwini wake anangoitaya. Kuthyola nyumba kumasanduka kulowa pamalo popanda chilolezo. Wodandaula amauzidwa kuti abwerenso mawa mpaka atope. Wapolisi wina, Adrian Schoolcraft, anajambula mobisa mawu a mabwana ake ku precinct 81 ku Brooklyn mu 2008 ndi 2009, ndipo zitatuluka mu 2010 zinaonetsa zoterezi. Masiku ano wofunsira uchief amafufuzidwanso pamenepa, ndipo atolankhani a mzinda umene akupitako amaimba foni kumzinda umene akuchokerako.

Kupatula dera, amene amasankha amayang'ana ngati munthu wazungulira nthambi zosiyanasiyana: kulondera, kufufuza milandu, nthambi yofufuza apolisi anzake, maphunziro, ndi ofesi ya bajeti. Ziwiri zimene ambiri amazithawa ndi zofunika kwambiri. Nthambi yofufuza apolisi imakudanitsa ndi anzako, koma ndi kumene umaphunzira malamulo a chilango ndi mmene mlandu wa wapolisi umafera chifukwa cha pepala limodzi losasainidwa kapena tsiku lomaliza lopitirira. Bajeti ndi yotopetsa, koma ntchito ya chief yambiri ili pamenepo. Bajeti ya polisi ya New York imaposa madola 5 biliyoni pachaka, ndipo m'nthambi zonse zikuluzikulu gawo lalikulu zedi limapita ku malipiro. Chimene bwana angachigwedeze kwenikweni ndi ovataimu, ndipo ndi chomwecho chimene makhansala amamukhazikira pansi chaka ndi chaka. Munthu amene moyo wake wonse wakhala m'gulu la apolisi othyola zitseko, ngakhale akhale wolimba mtima chotani, akafunsidwa za ovataimu pa intavyu amangoti kukamwa yasa.

Pali masukulu awiri amene amaoneka pa CV za pafupifupi onse ofunsira. FBI National Academy ku Quantico, Virginia, ya masabata 10, imene inayamba mu 1935, ndi Senior Management Institute for Police ya masabata 3 ku Boston, yoyendetsedwa ndi PERF, bungwe la akuluakulu a polisi lochita kafukufuku. Sungalowe wekha, bwana wako ndiye amakutumiza. Phindu lake lalikulu ndi anthu amene umadziwana nawo, makamaka poti PERF yomweyo imalembedwa ganyu ndi mizinda kuti iwafunire chief.

Tisabisenso mawu, pamafunika wamkulu wokugwira dzanja, amene apolisi a ku New York amamutcha hook kapena rabbi. Daryl Gates, amene anakhala chief wa Los Angeles kuyambira 1978 mpaka 1992, ali mnyamata anali dalaivala wa chief William Parker. Koma kuonetsa njala msanga n'koopsa. Bratton analowa polisi ya Boston mu 1970, ndipo pofika 1980 anali kale wachiwiri kwa mkulu wa nthambi yonse. Atauza mtolankhani kuti cholinga chake ndi kudzakhala commissioner, anamuchotsa pampandowo n'kumukankhira ku ofesi yopanda mphamvu. Chimene anachita kenako ndi njira imene ambiri amatsata: kutuluka n'kukatsogolera nthambi zing'onozing'ono. Mu 1983 anakakhala mkulu wa apolisi a mabasi ndi sitima za ku Boston, mu 1986 wa nthambi ina ya m'dera lomwelo, mu 1990 wa apolisi a sitima zapansi panthaka ku New York. Pofika 1993 anali commissioner wa Boston, ndipo mu 1994 wa New York.

Kusamukaku kuli ndi chifukwa chinanso cha m'thumba. M'mizinda yambiri wapolisi akakwanitsa zaka 20 kapena 25 akhoza kupuma n'kumalandira penshoni, ali ndi zaka zosakwana 50. Akakapeza uchief kwina amalandira penshoni ya mzinda wakale ndi malipiro a mzinda watsopano nthawi imodzi. Ndiye wachiwiri amene wadumphidwa kwawo sakhala n'chomudikiritsa. Ramsey ananyamuka ku Chicago mu 1998 meya Richard Daley atasankha Terry Hillard.

Nambewe:

Zikomo kwambiri a Gama ndi a Chisale, zayamba kumveka. Koma chotsala ndi chija chakusankha. Meya amangoloza chala, kapena pali ndondomeko? Ndipo munthu wavutika zaka 30, n'chifukwa chiyani pampandopo sakhalitsa? Ndinamvanso kuti ku New York anaikapo mayi amene sanavalepo yunifolomu, zimatheka bwanji?

Nasibeko:

Achemwali, mzinda uliwonse uli ndi lamulo lake, ndiye ndikupatsani itatu.

Ku Los Angeles ndondomeko ndi yolembedwa bwino. Ofesi ya mzinda yoona za antchito imalengeza mpata, imasefa ofunsira n'kupereka mayina osachepera 6 ku komiti yoyang'anira polisi, ya anthu wamba 5 osankhidwa ndi meya. Komitiyo imachita maintavyu n'kutumiza mayina atatu kwa meya. Meya amatenga mmodzi, khonsolo n'kuvomereza. Nthawi yake ndi zaka 5, ndipo akhoza kuwonjezeredwa kamodzi kokha. Kale sizinali choncho. Chief anali wotetezedwa ngati wogwira ntchito m'boma aliyense, moti apolisi atamenya Rodney King mu Marichi 1991, meya Tom Bradley analibe njira yachidule yochotsera Gates. Komiti yofufuza ya Warren Christopher inapempha kuti zisinthe, zipolowe zinabuka mu Epulo 1992, ndipo mu Juni anthu anavotera lamulo latsopanoli. Awiri oyamba pa lamuloli sanaonenso gawo lachiwiri: Willie Williams wochokera ku Philadelphia anakanidwa mu 1997, Bernard Parks wa m'nyumba momwemo anakanidwa mu 2002. Meya James Hahn, amene sanafune kuti Parks apitirize, anataya nazo mavoti ambiri a anthu akuda ndipo anagwa pachisankho cha 2005. Mukaona meya akuchedwa kulengeza dzina, dziwani kuti akuwerenga zoterezi.

Ku Chicago nakonso komiti imapereka mayina atatu. Koma mu 2016 meya Rahm Emanuel anakana onse atatu n'kutenga Eddie Johnson, amene sanafunsire n'komwe, ndipo khonsolo inasintha lamulo kuti zitheke. Ku New York kulibe komiti, kulibe kuvomereza kwa khonsolo. Meya amasankha yekha n'kuchotsa yekha. Mpando wa commissioner kumeneko pamalamulo ndi wa munthu wamba, wovala suti, ndipo wamkulu wa ovala yunifolomu ndi chief of department amene ali pansi pake. N'chifukwa chake Jessica Tisch, amene munamumvayo, anaikidwa mu Novembala 2024 akuchokera ku nthambi yoona za zinyalala mumzindawo. Anagwirapo ntchito zaka zambiri m'polisi momwemo ngati munthu wamba, makamaka pa za makompyuta, koma sanakhalepo wapolisi wolumbira. M'mizinda ina yambiri izi sizingatheke chifukwa lamulo limafuna kuti chief akhale ndi satifiketi ya upolisi ya chigawo (state) chimene mzindawo uli, ndipo wochokera kwina amayenera kuipeza.

Funso lalikulu pa kusankha kulikonse ndi lakuti wa m'nyumba kapena wakunja. Zinthu zikakhala bata amatenga wa m'nyumba, chifukwa amadziwa anthu ndi misewu. Pakakhala chonunkha amatenga wakunja, kuti asakhale ndi ngongole kwa aliyense. Wakunjayo amavutika chaka choyamba: achiwiri ake ndi anthu omwewo amene anapikisana naye n'kugonja, sadziwa amene angamukhulupirire, ndipo lamulo akapereka limatha kufera panjira lisanafike kwa sajeni. Ofunidwa kwambiri masiku ano ndi amene anayendetsapo nthambi ili m'manja mwa khothi. Lamulo la 1994 linapatsa unduna wa zachilungamo mphamvu yosumira polisi ya mzinda imene yazolowera kuphwanya ufulu wa anthu, ndipo mapeto ake amakhala pangano la ndime mazanamazana loyang'aniridwa ndi jaji. Los Angeles inalowa m'pangano lotere mu 2001 n'kudzatulukamo mu 2013. Michael Harrison analiyendetsa ku New Orleans, ndipo Baltimore, imene inali ndi lake kuyambira 2017, inamutenga mu 2019.

Zimene zimawagwetsa sizichuluka. Choyamba ndi kanema. Wapolisi wa ku Chicago anawombera Laquan McDonald zipolopolo 16 mu Okutobala 2014, kanemayo anakhala osatulutsidwa kupitirira chaka, ndipo atatuluka pa 24 Novembala 2015, McCarthy anachotsedwa pa 1 Disembala. Ku Atlanta, Erika Shields anatula pansi udindo mu Juni 2020 lisanathe tsiku wapolisi atawombera ndi kupha Rayshard Brooks. Sikuti chief anawombera ndi iye. Nkhani ndi yakuti kawirikawiri meya sangachotse wapolisi wowomberayo msanga, sangadzichotse yekha, ndiye wotsala ndi chief. China ndi khalidwe la mwini wake. Johnson anapezeka atagona m'galimoto usiku mu Okutobala 2019, ndipo meya Lori Lightfoot anamuchotsa mu Disembala, kutatsala masabata ochepa kuti apume, ponena kuti anamunamiza. Chinanso ndi kusintha kwa meya, kapena kumuposa kutchuka. Bratton anatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu Januwale 1996, ndipo pofika Epulo anali atasiyana ndi meya Rudolph Giuliani. Meya Eric Adams yekha anakhala ndi ma commissioner anayi pakati pa 2022 ndi 2024.

Chimene anthu akunja sachiona ndi mphamvu ya mabungwe a apolisi. Chief amatha kuchotsa wapolisi, bungwe n'kukadandaula kwa mkhalapakati, wapolisi uja n'kubwerera ndi malipiro ake onse a m'mbuyo. Ku Los Angeles chief sangachotse wapolisi yekha, mlandu umapita ku komiti ya anthu atatu, ndipo akamupeza wosalakwa zathera pomwepo. Ndiye anthu amamuda chief chifukwa chosunga apolisi oipa, apolisi amamuda chifukwa chofuna kuwachotsa.

Jere:

Kwa amene akuyerekeza ndi kuno, mpando wotere ku Malawi kulibe. Polisi ndi imodzi, likulu lake ku Area 30, ndipo gawo 154 la malamulo oyendetsera dziko limati Inspector General amasankhidwa ndi Pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Kuvomerezako si mwambo chabe, aphungu anakana a Mary Nangwale mu 2005. Bwana wa polisi ya Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu amayankha kwa komishonala wa chigawo, ndipo amasamutsidwa ndi likulu. Meya akhoza kupempha thandizo lake pochotsa mavenda m'misewu, koma sangamulamule kapena kumuchotsa. Ku Joni kuli kusakaniza. JMPD, polisi ya mzindawo, inayamba mu 2001 ndipo chief wake amasankhidwa ndi khonsolo, koma ntchito yawo ndi ya pamsewu, malamulo a mzinda ndi kupewa umbanda. Akamanga munthu amakamupereka kwa SAPS, apolisi a dziko lonse la South Africa, amene amatsegula fayilo ndi kufufuza mlandu.

Gama:

A Chisale, pa CompStat ndikusiyana nanu pang'ono. N'zoona kuti anthu ophedwa ku New York anatsika kuchoka pa 2,245 mu 1990 kufika pa 983 mu 1996. Koma kutsikako kunayamba mu 1991, meya ali David Dinkins, amenenso anapeza ndalama zolembera apolisi ena ambiri, ndipo umbanda unatsikanso m'mizinda yambiri imene inalibe CompStat. Sindikunyoza ntchito ya Bratton, koma mbiri ya chief imadaliranso chaka chimene walowa. Wolowa manambala ali pachimake n'kuyamba kutsika amatchedwa katswiri, ndipo mizinda ina imayamba kumulimbirana. Amene anali pampando mu 2020, pamene kuphana kunakwera pafupifupi dziko lonse nthawi imodzi, ambiri anachoka ngati olephera, ngakhale anali kuchita zomwezo zimene anayamikiridwa nazo chaka chapitacho.

Chisale:

Pamenepo palibe mkangano a Gama, ndipo ofunsira odziwa amazidziwa. N'chifukwa chake asanasaine amayang'ana zinthu zingapo. Meya watsala ndi zaka zingati? Kulowa kutatsala chaka kuti kukhale chisankho ndi kubwereka mpando. Pali kontrakiti yolembedwa, ndipo akachotsedwa popanda mlandu alandira malipiro a miyezi ingati? Pangano la bungwe la apolisi likutha liti, ndipo chief adzakhala nawo pokambirana latsopano, kapena adzangolandira zomalizidwa ndi ofesi ya meya? Koma chachikulu ndi chakuti angasankhe yekha achiwiri angati, ndipo angabwere ndi angati kuchokera kunja. Pali mizinda imene maudindo onse mpaka wachiwiri kwa chief ndi otetezedwa ndi lamulo la ogwira ntchito m'boma, moti bwana watsopano sangasunthe ngakhale mmodzi. Ku New York commissioner amasankha yekha achiwiri ake. Maple anali lefutenanti chabe wa apolisi a sitima pamene Bratton anamupanga deputy commissioner mu 1994, kudumpha makaputeni ndi ma chief onse a nthambiyo.